Mtunda wautali sufuna phuma: zomwe othamanga a ku Lago ayenera kudziwa

Msewu wochoka ku Metangula kulowera ku Lichinga sunyengerera munthu. Ukangosiya nyumba za m'tauni ndi fungo la usipa wa pathandala, umayamba kukwera mokhotakhota kulunjika ku Maniamba. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Lichinga, yomwe ili makilomita opitirira 100 kuchokera ku Metangula, idakhala pamwamba pa mamita oposa 1,300. Mnyamata kapena mtsikana wa m'boma la Lago amene akufuna kuphunzira kuthamanga mtunda wautali ali ndi zinthu zomwe anzake a m'mizinda ikuluikulu amazisirira: zitunda, njira zadothi zofewa kumapazi, mchenga wa ku Chuanga ndi mpweya wopanda utsi wa magalimoto. Mphamvu nazonso alinazo, poti wakulira kutunga madzi, kukoka khoka ndi kuyenda pansi. Chomwe chimamugwetsa kawirikawiri ndi mphindi 10 zoyamba. Amanyamuka ndi liwiro lonse, mtima uli pa mnzake wa patsogolo, ndipo asanafike patali wayamba kale kupuma wefuwefu, chinthu chikumubaya m'nthiti, manja ali m'chiuno. Akatero katatu kapena kanayi amagamula kuti mtunda wautali ndi wa anthu ena. Ine ndikuti kugamula kumeneku n'kolakwa. Amene akufuna kufika patali ayenera kuthamanga masiku ambiri pa liwiro lomwe iye mwini akuliona ngati lochepa kwambiri, ndipo m'mbali mwa nyanja, momwe dzuwa ndi mchenga zimasintha kulemera kwa kilomita iliyonse, muyeso wa liwirolo uyenera kukhala mpweya wake.

Wina anena kuti akuluakulu adatiuza kale zoti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo mwana wa kunyanja safuna womumasulira, chifukwa amadziwa kuti mnzako akakusiya pamchenga sungamupezenso. Pa mamita 100 kapena 400 izi n'zoona ndithu. Pa makilomita 10, 21 kapena 42.195 a marathoni zinthu zimayenda mwina, ndipo chifukwa chake chili m'thupi momwemo. Thupi limasunga mphamvu m'njira ziwiri. Pali shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, yemwe amapereka mphamvu mwachangu koma ndi wochepa, moti wothamanga mwamphamvu amamutha pa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Palinso mafuta, omwe ngakhale munthu woonda ali nawo okwanira ulendo wa masiku, koma amapereka mphamvu pang'onopang'ono ndipo amafuna mpweya wambiri. Munthu akawonjezera liwiro, thupi limatsamira kwambiri pa shuga. N'chifukwa chake othamanga marathoni ambiri amathodwa cha pa kilomita ya 30, miyendo n'kulemera, mutu n'kuyamba kuzungulira. Masekondi omwe munthu wawapindula ponyamuka mwaphuma amawabweza ngati mphindi zathunthu kumapeto. Kuthamanga mofatsa kwa miyezi yambiri kumasintha zimenezi: mtima umayamba kupopa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, timitsempha ting'onoting'ono timachuluka m'minofu, ndipo minofuyo imazolowera kugwiritsa ntchito mafuta, shuga n'kumasungika kufikira pomwe adzafunikire.

Umboni wake uli kwa akatswiri omwe ali ndi liwiro loposa wina aliyense. Pa 8 Okutobala 2023 ku Chicago, Kelvin Kiptum wa ku Kenya adathamanga marathoni pa maola 2 ndi masekondi 35. Theka loyamba adalimaliza pa mphindi 60 ndi masekondi 48, lachiwiri pa mphindi 59 ndi masekondi 47. Munthu yemwe tsikulo adaswa mbiri ya dziko lonse adadziletsa kwa ola lathunthu asanatulutse zomwe adasunga. Eliud Kipchoge, yemwe pokonzekera mpikisano ku Kaptagat amathamanga makilomita oposa 200 pa sabata, masiku ake opepuka amayenda mphindi 4 mpaka 5 pa kilomita, chonsecho pa mpikisano kilomita imamutengera mphindi zosakwana 3. Katswiri wofufuza za masewera Stephen Seiler, wa pa yunivesite ya Agder ku Norway, atayang'ana momwe akatswiri a masewera ofuna kupirira amakonzekerera, adapeza kuti pafupifupi magawo 8 mwa 10 a zokonzekera zawo amakhala opepuka, otsalawo ndiwo olimba. Pali zomwe otsutsa angaloze: ku Berlin mu 2022 Kipchoge adanyamuka mwamphamvu, theka loyamba pa mphindi 59 ndi masekondi 51, ndipo adaswabe mbiri ndi 2:01:09. Komatu theka lachiwiri lidamutengera mphindi zoposa 61. Iyenso adalipira, kungoti adali ndi zaka pafupifupi 20 za kukonzekera zoti alipirire. Mwana wa sukulu ku Messumba amene wayamba mwezi watha alibe zimenezo.

Nkhani ya kutentha ndiyo ikuyenera kutenga malo aakulu, chifukwa malangizo ambiri a kuthamanga adalembedwa ndi anthu a kumaiko ozizira. Pa mphamvu zonse zomwe minofu imatulutsa, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Thupi limatumiza magazi kukhungu ndi kutulutsa thukuta, lita imodzi kapena kuposerapo pa ola. Magazi omwe apita kukhungu achoka kuminofu, ndiye mtima umagunda mofulumira kuti ukwanitse zonse ziwiri, ngakhale liwiro la miyendo silidasinthe. Chinyezi chikachuluka, monga zimakhalira pagombe mvula ikayandikira, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo thukuta losauma siliziziritsa. Mu Seputembala 2019 ku Doha, marathoni ya amayi pa mpikisano wa dziko lonse idayamba pakati pa usiku pothawa dzuwa, komabe kutentha kudaposa madigiri 30. Mwa amayi 68 omwe adanyamuka, 28 sadamalize. Wopambana, Ruth Chepngetich, adafika pa 2:32:43, pomwe mu Januwale chaka chomwecho ku Dubai adathamanga 2:17:08. Adavomera kuchedwa ndi mphindi zoposa 15 ndipo adatenga golide. Wokana kuvomera adalipo kale: mu 1954 ku Vancouver, Jim Peters wa ku England, yemwe pa nthawiyo adali ndi mbiri ya dziko lonse, adalowa m'bwalo tsiku lotentha atawasiya anzake kutali zedi, koma adagwa, kudzuka, kugwanso kangapo, mpaka adamunyamula asanafike pamzere. Sadapikisanenso.

Kwa munthu wa ku Metangula, Meluluca kapena Cobué, izi zikutanthauza kuti chaka chili ndi maliwiro osiyana. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukamawomba ndipo m'mawa kukuzizira, ndiyo nthawi yowonjezera mtunda. Okutobala ndi Novembala, pomwe mchenga umaotcha mapazi dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo, njira yomweyo iyenera kutenga nthawi yotalikirapo, ndipo wothamanga asadandaule nazo. Miyezi imeneyi 5 koloko m'mawa kumakhala kutayera kale, ndiye palibe chifukwa chodikira. Thupi limazolowera kutentha pa masiku 10 mpaka 14, ndipo wobadwira kunyanja ali ndi mwayi pamenepa, koma kuzolowera kuli ndi malire ake. Mnzanu akayamba kudzandira, kuyankha zosagwirizana kapena kusokonezeka mutu, musamulimbikitse kuti amalize. Muimitseni, mumuike pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse msangamsanga, kenako mupite naye kuchipatala. Madzi akumwa nawonso amafuna muyeso: kumwa ludzu likakupeza n'kokwanira kwa ambiri, ndipo dokotala Tim Noakes wa ku Cape Town adaonetsa kale mu 1985 kuti kumwa mopyola muyeso pa mtunda wautali kumadwalitsa.

Apa pamabwera dandaulo lomwe limamveka kwambiri, loti zonsezi ndi za anthu okhala ndi mawotchi odula, nsapato zapamwamba ndi aphunzitsi awoawo. Dandauloli ndimalimvetsa, chifukwa umphawi umatsekadi zitseko zambiri m'masewera, koma chitseko ichi sichidatsekeke. Abebe Bikila wa ku Ethiopia adapambana marathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 opanda nsapato, nthawi yomwe mawotchi oyeza kugunda kwa mtima kunalibe. Muyeso wodalirika uli pakamwa. Ngati munthu akuthamanga n'kumatha kufotokozera mnzake nkhani yathunthu, monga momwe mpira wa dzulo udathera, osadula mawu kuti akoke mpweya, liwiro lake lili bwino. Akayamba kuyankha mawu amodziamodzi, wapyola. Muyeso umenewu uli ndi ubwino womwe wotchi ilibe, chifukwa umawerengera wokha chitunda, mchenga, mphepo yakumaso, kutentha, ngakhale tulo tomwe munthu sadagone. Wotchi imangoti kilomita yatenga mphindi 7, osadziwa kuti kilomitayo idali ya pamchenga wofewa momwe phazi limamira mpaka m'kakolo ndi kuterereka chambuyo pa kuponda kulikonse. Wopalasa bwato pakati pa Cobué ndi Likoma amachidziwa chinthu chimenechi bwino lomwe: nkhafi amaimiza mofanana, pa mphamvu yomwe angaisunge mpaka kutsidya, mafunde akakula amalola bwato kuchedwa, chifukwa mikono ikamuthera pakati pa nyanja palibe pokocheza.

Dandaulo lina ndi lolemerapo, ndipo lili ndi choonadi chake. Amati anthu a kunyanja ndi olimba kale, amayenda maola ambiri, amasenza, amalima chinangwa, nanga kuwauza kuti ayambe pang'onopang'ono si kuwatenga ngati anthu a mu ofesi? N'zoona kuti mtima ndi mapapo a munthu wotere zimakhala patsogolo, ndipo apa ndiye pali ngozi. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito yatsopano pa masabata ochepa, pomwe mafupa ndi minyewa yolumikiza minofu kumafupa zimatenga miyezi. Poyenda, phazi limodzi limakhala pansi nthawi zonse. Pothamanga, munthu amaulukira m'mwamba n'kutera ndi mphamvu yoposa kawiri kulemera kwake, ndipo amatero kambirimbiri pa kilomita imodzi yokha. Wolimba mtima amamva kuti angathe kupitirira, amawonjezera mtunda sabata ndi sabata, kenako m'mawa wina amadzuka msongolo ukuwawa. Poyamba ululu umatha akatenthetsa thupi, ndiye amaunyalanyaza. Pambuyo pake umakhazikika pamalo amodzi, poti akadinapo ndi chala amadzidzimuka, ndipo pamenepo fupa lingakhale litayamba kung'aluka. Kutsika zitunda mothamanga pamsewu wa phula, komwe kumakoma chifukwa mpweya suvuta, ndiko kumapweteka mawondo ndi ntchafu koposa kukwera. Mchenga wa pagombe nawo umalemetsa katumba ndi mtsempha wa kuchidendene, ndipo poti gombe limapendekera kumadzi, mwendo umodzi umagwira ntchito yosiyana ndi unzake.

Pali lamulo lotchuka loti mtunda usawonjezeke kuposa gawo limodzi mwa 10 pa sabata. Si lamulo lolakwika, koma silidatsimikizike monga anthu amaganizira: kafukufuku wa ku Groningen ku Netherlands, yemwe adatuluka mu 2008, adapeza kuti oyamba kumene omwe adalitsata adavulala mofanana ndi omwe sadalitsate. Chothandiza koposa nambala ndi kupewa kulumpha kwadzidzidzi, kusinthasintha njira, kupuma tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, ndi kuchepetsako mtunda sabata imodzi pa mwezi. Ntchito ya pakhomo iwerengedwenso. Mnyamata amene wachezera pa chilimira usiku wonse, kapena mtsikana amene wakhalira kukonola ndi kutunga madzi, walimbitsa kale thupi tsikulo, ndipo kulithamangitsanso mwamphamvu n'kulilanda nthawi yomwe limadzimanga. Matenda a kunyanja ali ndi mbali yake. Malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi, omwe ndiwo amanyamula mpweya, moti wochira kumene amapeza liwiro lake lakale likumubanikitsa kwa masabata angapo. Likodzo limachepetsa magazi mwakachetechete. Wothamanga amene akungofooka popanda chifukwa chooneka akayezetse magazi asanadzitche waulesi, ndipo amene thupi latentha asathamange konse. Chakudya cha kuno, kondowole ndi usipa, nyemba, chigwada ndi mpunga, chili ndi zomwe wothamanga amafuna, bola chikhale chokwanira.

Nanga kuthamanga mofatsa sikusandutsa munthu wochedwa? Funso limeneli adaliyankha Arthur Lydiard wa ku New Zealand, yemwe ankathamangitsa ophunzira ake makilomita pafupifupi 160 pa sabata kwa miyezi ingapo asanawalole kuyamba za liwiro. Mmodzi mwa iwo, Peter Snell, adali wa mamita 800 chabe, koma ankazungulira nawo njira ya zitunda ya Waiatarua ya makilomita 35. Adapambana golide pa mamita 800 ku Rome mu 1960, ndipo ku Tokyo mu 1964 adatenga golide pa mamita 800 ndi 1,500. Liwiro lili ndi malo ake: tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, munthu atamanga kale maziko, akhoza kukwera chitunda mwamphamvu kangapo, kapena kuthamanga mphindi zingapo molimba n'kupumira pakati. Chomwe chimaononga ndi liwiro la pakatikati la tsiku ndi tsiku, lotopetsa mokwanira kuti thupi lisachire koma losalimba mokwanira kuti liwonjezere kanthu. Ndipo liwiro limeneli ndi lomwe gulu la anyamata limagweramo lokha. Palibe amene amafuna kuoneka wotsalira podutsa pamsika kapena pomwe amayi akuanika nsomba, ndiye wa patsogolo akawonjezera pang'ono onse amatsatira, ndipo ulendo wokonzekera umasanduka mpikisano womwe palibe adaulengeza. Gulu lanzeru limaika wofooka patsogolo pa masiku opepuka.

Manyazi omwewa ndiwo amaletsa anthu kuyenda pansi pakati pa kuthamanga, pomwe kwa woyamba kumene palibe njira yabwino yoposa kuthamanga mphindi 2 kapena 3, kuyenda mphindi imodzi, n'kubwereza mpaka theka la ola. Ku South Africa, pa mpikisano wa Comrades wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, womwe udayamba mu 1921 ndipo mtunda wake umayandikira makilomita 90, anthu zikwizikwi amayenda pansi pokwera zitunda mwadala kuti afike maola 12 asanakwane. Bruce Fordyce, yemwe adaupambana ka 9, ankadziwika ndi kulola ena kutsogola m'mawa, iye n'kumawadutsa mmodzimmodzi chakumapeto. Pafupi pomwepa, pa mpikisano wa onyamula katundu wa paphiri la Mulanje ku Malawi, pali malo otsetsereka kwambiri moti kuyenda mwachangu, manja atagwira mawondo, kumapindula kuposa kukakamira kuthamanga. Wa ku Lago akapita kukapikisana ku Lichinga akumbukire kuti kuzizira kwa kumtunda kumanyenga. Thupi limamva kupepuka chifukwa dzuwa la kunyanja kulibe, koma mpweya wa kumeneko ndi wochepako mphamvu, ndipo wonyamuka mokondwa ndi kuzizirako amadzabanika patsogolo.

Kudziletsa kumeneku kumafunikanso pa zaka. Mozambique ili ndi chitsanzo chake mwa Maria de Lurdes Mutola wa ku Chamanculo mu mzinda wa Maputo. Mtunda wake udali mamita 800, ntchito ya mphindi zosakwana 2, ndiye kakonzekeredwe kake sikangakopedwe ndi wofuna makilomita 21. Chomwe tingatengeko ndi kutalika kwa ulendo wake. Adapita ku Olimpiki koyamba ku Seoul mu 1988 ali ndi zaka 15, wolemba ndakatulo José Craveirinha atamukopa kuti achoke ku mpira. Ku Barcelona mu 1992 adabwerako wopanda mendulo, ku Atlanta mu 1996 adakhala wachitatu, ndipo golide adadzamupeza ku Sydney mu 2000, patatha zaka 12, pa mpikisano womwe adadikira mpaka mamita omaliza kuti adutse Kelly Holmes. Ana a zaka 13 kapena 14 omwe akuonetsa luso pa masewera a sukulu m'boma la Lago akufunika akuluakulu omwe angawerenge nthawi motero. Mwana wotere sayenera kuthamangitsidwa mtunda wa akuluakulu chifukwa choti wapambana kamodzi. Asewere mpira, asambire, athamange mitunda yaifupi ndi yapakati, mafupa ake akhwime kaye.

Udindo waukulu uli m'manja mwa aphunzitsi a masewera ndi okonza mipikisano, chifukwa iwo ndiwo amasankha zomwe ana angazione ngati zoyamikika. Mphunzitsi amene amatenga ana sabata imodzi mpikisano usanachitike, n'kumawazungulitsa bwalo masana aliyense mpaka atagwa, amapeza wopambana mmodzi n'kutaya ena onse omwe akadakula bwino akadapatsidwa miyezi itatu. Amene amagwiritsa ntchito kuthamanga ngati chilango amaphunzitsa ana kudana nako. Ndipo chizolowezi chodikira kuti alendo olemekezeka afike ndi kumaliza kulankhula mpikisano usanayambe n'choopsa m'dera lotentha chonchi, poti ana amaima padzuwa maola awiri kenako n'kunyamuka 11 koloko. Mpikisano uliwonse wopitirira makilomita 5 m'mbali mwa nyanja uyenera kunyamuka 6 koloko isanakwane, madzi ataikidwa m'njira, wazachipatala ali pafupi ndi pothera, ndipo zolankhula ndi mphatso zibwere othamanga onse atafika ndi kukhala pamthunzi.